Don Clarke: mwana wa mlimi amene phazi lake lidasautsa maiko

Anthu okonda masewero a rugby ali ndi mkangano womwe sukalamba. Ena amati timu yabwino ndi yomwe imathamanga ndi mpira, kupatsirana mpaka kukaugoneka kuseri kwa mzere wa adani. Ena amati zonsezo n'zokoma m'maso, koma pamapeto pake chomwe amawerenga ndi mapointi, ndipo timu yopanda munthu wodziwa kumenya mpira pagolo ili ngati mlenje wolowa m'tchire wopanda muvi. Mkanganowu ukabuka, dzina lomwe silichedwa kutchulidwa ndi la Don Clarke wa ku New Zealand, yemwe adamwalira m'chaka cha 2002.

Mkuluyu adasewerera timu ya dziko lake, ya All Blacks, kuchokera 1956 mpaka 1964. Anthu adamupatsa dzina loti The Boot, kutanthauza jombo, kaamba koti phazi lake ndilo linkaombola timuyi zinthu zikathina. Ambiri adamukonda, ena adamuda, ndipo ena mwa omudawo adali anthu akwawo omwe.

Rugby imaseweredwa bwanji?

Poti kuno ambiri tidazolowera mpira wa miyendo, tiyambe tafotokoza pang'ono. Mpira wa rugby umaoneka ngati dzira ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera 15. Golo lake ndi mitengo iwiri italiitali yokhala ndi mtanda pakati, ngati chilembo cha H. Wosewera akanyamula mpira n'kukaugunditsa pansi kuseri kwa mzere wa adani, ndiye kuti wachinya chomwe amati try. Zikatero timu yake imapatsidwanso mwayi womenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo ija, pamwamba pa mtanda, n'kuonjezera mapointi awiri. Adani akaphwanya lamulo, woyimbira amapereka penate, ndipo wina akaimenya bwino pagolo amapeza mapointi atatu.

M'masiku a Clarke, try inkapatsa timu mapointi atatu basi, chimodzimodzi ndi penate. Choncho anyamata 15 amatha kukhetsa thukuta, kugwetsana m'matope mpaka kuchinya, koma munthu mmodzi n'kufafaniza ntchito yonseyo ndi phazi limodzi. Apa ndi pomwe padagona mphamvu ya Clarke, ndiponso ndi pomwe padachokera udani wa anthu ena pa iye.

Ubwana wake

Donald Barry Clarke adabadwa pa 10 Novembala 1933 ku Pihama, kamudzi ka m'chigawo cha Taranaki. Makolo ake adali alimi ndipo banjali lidasamukira kuchigawo cha Waikato, dera la ng'ombe zamkaka, kufupi ndi tauni ya Morrinsville. M'banjamo mudali anyamata asanu: Ian, Don, Doug, Brian ndi Graeme. Onsewa adakula akusewera rugby ndipo kalabu yawo idali Kereone.

Don adali chimunthu. Atakula msinkhu wake udafika mamita 1.88 ndipo ankalemera pafupifupi makilogalamu 110. Munthu wa thupi lotere nthawi zambiri amamuika kutsogolo, komwe kumakhala ntchito yokankhana. Koma iye ankasewera kumbuyo kwenikweni, malo omwe masiku ano amavala nambala 15, omwe ntchito yake ndi kuwakha mipira yochokera m'mwamba, kugwetsa mdani yemwe wapulumuka kwa anzake onse komanso kubweza mpira kutali.

Dzina lake lidayamba kumveka m'chaka cha 1951 ali ndi zaka 17 zokha. Waikato idapita ku Whangarei kukalimbirana ndi North Auckland chishango cha Ranfurly, chomwe matimu a m'zigawo za New Zealand amachilemekeza kwambiri. Bwalo lidali matope okhaokha, koma mnyamatayu adamenya mapenate awiri ndipo Waikato idapambana 6-3 n'kutenga chishangocho koyamba m'mbiri yake.

M'nyengo yotentha Clarke ankasewera cricket, ndipo adali woponya mpira mwaliwiro m'matimu a Auckland ndi Northern Districts. Komabe mtima wake udatsamira ku rugby.

Bala la 1949

Kuti timvetse chifukwa chomwe dziko la New Zealand lidalandirira Clarke ndi manja awiri, tibwerere ku 1949. M'chakachi All Blacks idapita ku South Africa kukakumana ndi timu ya dzikolo, ya Springboks, ndipo idagonja masewero onse anayi. Chowawa kwambiri n'choti pa masewero anayiwo alendowo ndiwo adachinya ma try ambiri, koma mapenate awo ankangopita padera. Eni bwalo adali ndi Okey Geffin, yemwe pa masewero oyamba ku Cape Town adamenya mapenate asanu, timu yake n'kupambana 15-11 popanda try ngakhale imodzi.

Anthu a ku New Zealand adasunga bala limeneli zaka zisanu ndi ziwiri. Springboks itabwera kwawo mu 1956, dziko lonse lidali ndi cholinga chimodzi, kubweza chipongwe. Ntchitoyo siidali yamasewera chifukwa kuchokera mu 1896 padalibe dziko lomwe lidagonjetsapo South Africa pa mndandanda wa masewero otere.

Masewero oyamba a alendowo adali ku Hamilton, komwe adakumana ndi Waikato. Timu ya chigawo chabe idachita zomwe ambiri sadayembekezere pomwe idagonjetsa Springboks 14-10, ndipo mapointi asanu ndi atatu adachokera kuphazi la Clarke. Ngakhale zidali choncho, osankha timu ya dziko sadamutenge msanga. All Blacks idapambana masewero oyamba 10-6 koma idagonja achiwiri 8-3. Apa mantha adagwira dziko, ndipo pokonzekera masewero achitatu ku Christchurch adaitana Clarke pamodzi ndi Kevin Skinner, chiphona chomwe kale chidali katswiri wa nkhonya.

Tsiku lake loyamba kuvala yunifolomu yakuda, Clarke adapeza mapointi asanu ndi atatu ndipo All Blacks idapambana 17-10. Pa masewero omaliza ku Eden Park mumzinda wa Auckland adapezanso asanu ndi atatu, timu n'kupambana 11-5. Ngongole ya 1949 idabwezedwa, ndipo mwana wa mlimi uja adasanduka ngwazi ya dziko. Mkulu wake Ian, yemwe ankasewera kutsogolo, adalinso m'timu yomweyo.

Luso lake lidali potani?

Osewera a lero amamenya mpira pogwiritsa ntchito mkati mwa phazi, atabwera chammbali, ndipo mpirawo amaukhazika pa kachotengera ka pulasitiki. Clarke ankabwera molunjika n'kumenya ndi nsonga ya jombo. Mpira ankaukhazika pansi penipeni atakumba kadzenje ndi chidendene. Mipira ya nthawi imeneyo idali yachikopa, moti mvula ikagwa inkamwa madzi n'kulemera ngati dzungu.

Ngakhale zidali choncho, iye amatha kuchinya ali pakati pa bwalo ngakhalenso kuseri kwa mzere wapakati, mtunda woposa mamita 50. Izi zidasintha kaseweredwe ka adani. Timu yokumana ndi All Blacks inkadziwa kuti kulakwitsa paliponse, ngakhale kutali ndi golo lake, kutha kuilanda mapointi atatu. Wosewera wamantha otere sasewera momasuka, ndipo All Blacks inkadyerera pamenepo. Kuonjezera apo, Clarke ankamenya mipira italiitali yotulutsa kunja kwa bwalo, zomwe zinkabweza adani kumbuyo kwawo n'kupatsa mpumulo anzake akutsogolo.

Tsiku lomwe anthu akwawo adachita manyazi

Masewero omwe amakumbukiridwa kwambiri pa moyo wa Clarke adachitika pa 18 Julayi 1959 pabwalo la Carisbrook mumzinda wa Dunedin. Alendo adali British Lions, timu yomwe imasonkhanitsa akatswiri a ku England, Scotland, Wales ndi Ireland. Anyamatawa adabwera ndi mpira wokoma, wothamanga ndi kupatsirana, ndipo adachinya ma try anayi kudzera mwa Malcolm Price, yemwe adachinya awiri, Tony O'Reilly ndi Peter Jackson. All Blacks siidachinye try ngakhale imodzi.

M'chigawo chachiwiri alendowo ankatsogola 17-9 ndipo zimaoneka kuti nkhani yatha. Koma woyimbira adapitiriza kupereka mapenate, Clarke naye n'kumangowalowetsa. Penate yake yachisanu ndi chimodzi idalowa kutatsala mphindi zochepa ndipo All Blacks idapambana 18-17. Padali pasadapezeke munthu womenya mapenate asanu ndi limodzi pa masewero a pakati pa maiko.

M'malo mwa chisangalalo, pabwalopo padali manyazi. Chakumapeto kwa masewerowo ochemerera ambiri a ku New Zealand adayamba kuchemerera alendo, poona kuti timu yosewera bwino ikuberedwa ndi malamulo. Nyuzipepala za ku Britain zidalemba mokwiya, ndipo ngakhale za ku New Zealand komweko sizidanyadire chipambanocho. Clarke sadaphwanye lamulo lililonse. Adangochita ntchito yomwe adamutuma, monga momwe Geffin adachitira zaka khumi m'mbuyomo. Koma masewerowa adasiya funso m'mitu ya anthu: kodi n'chilungamo kuti penate ifanane mtengo ndi try?

Akuluakulu oyendetsa rugby adatenga nthawi kuti ayankhe. Mu 1971 adakweza try kufika pa mapointi anayi, ndipo mu 1992 adaikwezanso kufika pa asanu. Tikawerengera masewero a ku Dunedin aja ndi malamulo a lero, British Lions ikadapambana 25-18.

Clarke sadachedwe kuonetsa kuti adali ndi zambiri kuposa phazi. Pa masewero achiwiri ku Wellington, All Blacks ili kumbuyo, iye mwini adathamanga n'kudziponya kuseri kwa mzere, kuchinya try yomwe idapambanitsa timu yake 11-8. All Blacks idapambananso achitatu 22-8, koma omaliza ku Auckland alendowo adapambana 9-6 atachinya ma try atatu. Tsiku limenelo mapenate awiri a Clarke sadakwanire.

Ulendo wa ku South Africa

Mu 1960 All Blacks idanyamuka ulendo wa ku South Africa, motsogozedwa ndi kaputeni Wilson Whineray. Ulendowu udali ndi chilema chachikulu. Kaamba ka malamulo a tsankho a dzikolo, osewera a mtundu wa Maori, omwe ndi eni nthaka a New Zealand, adasiyidwa kunyumba. Anthu oposa 150,000 adasayina chikalata chotsutsa ulendowo, makamaka poti m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho apolisi adali atapha anthu 69 ku Sharpeville. Akuluakulu a rugby adatseka makutu ndipo timu idapitabe. Paulendowo idafikanso kuno kufupi, pomwe idasewera ku Kitwe ndi ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Pabwalo, Clarke adasenza timu pamapewa. Atagonja masewero oyamba 13-0 ku Johannesburg, anyamata a New Zealand adabwezera 11-3 ku Cape Town, pomwe Colin Meads adachinya try ndipo mapointi ena onse adali a Clarke. Ku Bloemfontein zinthu zidafika pothina. Kutatsala mphindi zochepa, All Blacks idali kumbuyo 11-3. Clarke adamenya penate kuchokera kutali kwambiri n'kulowa. Posakhalitsa Frank McMullen adachinya try chakumphepete kwa bwalo, kusiyana n'kutsala mapointi awiri. Kuchokera pamalo ovutawo, Clarke adamenya mpira womwe udadutsa pakati pa mitengo ndipo matimuwo adalepherana 11-11.

Komabe mutu umodzi susenza denga. Pa masewero omaliza ku Port Elizabeth, Springboks idapambana 8-3 n'kutenga mndandanda wonsewo. Clarke adabwerera kwawo ndi mapointi 175 a paulendowo, koma timu idabwerera chimanjamanja. Phazi la munthu mmodzi litha kuphimba zofooka za timu kwa kanthawi, koma pomwe anzake akutsogolo akankhidwa ndipo akumbuyo sakuchinya, tsiku limafika lomwe mapenate amachepa.

Mphepo ya ku Wellington

Chaka cha 1961 chidabweretsa zinthu ziwiri zosaiwalika. Choyamba chidali cha pabanja: anyamata onse asanu a kwa Clarke adasewera limodzi m'timu ya Waikato pomwe inkakumana ndi Thames Valley.

Chachiwiri chidachitika ku Wellington pomwe All Blacks inkasewera ndi France. Tsikulo kudaomba chimphepo chamkuntho moti mpira ukamenyedwa m'mwamba unkabwerera komwe wachokera. France idatsogola 3-0, kenaka Kel Tremain adachinya try pakona n'kufananitsa mphamvu. Kumenya mpira pagolo kuchokera m'mphepete mwa bwalo pa mphepo yotero kudali ngati kutunga madzi ndi dengu. Clarke adauwerenga mphepoyo, n'kumenya mpira chopingasa osalunjika pagolo. Mphepo idaunyamula n'kuukhotetsa mpaka kudutsa pakati pa mitengo. All Blacks idapambana 5-3.

Mu 1963 adachitanso zina ku Christchurch pokumana ndi England. Matimu ali 6-6 nthawi itatsala pang'ono, Clarke adawakha mpira wochokera kwa adani. Malamulo a nthawiyo ankalola wowakha mpira motero kuyesa kumenya pagolo. Adaumenya kuchokera chapakati pa bwalo ndipo udalowa, All Blacks n'kupambana 9-6. Njira yopezera mapointi imeneyi idathetsedwa mu 1977.

Kumapeto kwa 1963 adapita ndi timu ku Britain, Ireland ndi France. Paulendowu All Blacks idagonja kamodzi kokha, kwa kalabu ya Newport ya ku Wales, 3-0, komanso idalepherana ndi Scotland 0-0. Masiku awiriwa adaonetsa kuti ngakhale The Boot ankakhala ndi masiku ouma.

Kupuma ndi masiku ake otsiriza

Clarke adasewerera dziko lake komaliza mu 1964 pokumana ndi Australia. Bondo lidamuvuta ndipo adakakamizika kupuma asadakwanitse n'komwe zaka 32. Pa masewero 31 a pakati pa maiko adapeza mapointi 207, ndipo pa masewero onse 89 omwe adavala yunifolomu ya All Blacks adapeza 781. Mbiri yake ya mapointi 207 idakhala zaka 24 mpaka Grant Fox adaiphwanya mu 1988. Zonsezi adazichita osalandira malipiro, poti rugby idayamba kulipira osewera poyera mu 1995. Mu 1966 mudatuluka buku la mbiri yake lotchedwa The Boot, lomwe adalemba mothandizana ndi mtolankhani Pat Booth.

Mu 1977 adasamukira ku South Africa ndi banja lake, komwe adayambitsa bizinesi yodula mitengo. Iyi idali nthawi yomwe dziko lapansi linkasala South Africa pa zamasewero. Chaka cham'mbuyo mwake, maiko a mu Africa oposa 20, kuphatikizapo Zambia, adanyanyala masewero a Olimpiki ku Montreal pokwiya ndi ulendo wina wa All Blacks wopita kudzikolo. Clarke adakhazikikabe komweko, pakati pa anthu omwe kale ankaopa phazi lake, ndipo adaona tsankho likugwa mu 1994.

Mu 2001 dzina lake lidalowa m'gulu la akatswiri olemekezeka la International Rugby Hall of Fame. Pa nthawiyo n'kuti akulimbana ndi khansa ya pakhungu. Adamwalira ku Johannesburg pa 29 Disembala 2002 ali ndi zaka 69.

Zomwe adasiya

Masiku ano matimu akuluakulu amalemba aphunzitsi apadera a kamenyedwe ka mpira, amajambula wosewera pakanema n'kumaunika phazi lililonse, ndipo amawerengera kuti mwa mipira khumi walowetsa ingati. Mipira ndi yopepuka, siimwa madzi, ndipo mabwalo ndi osalala. Masewero a pakati pa maiko adachulukanso, n'chifukwa chake Dan Carter wa ku New Zealand adafika pa mapointi 1,598. Kuyerekeza manambala a awiriwa popanda kuganizira zonsezi kungakhale kumulakwira Clarke.

Ngakhale try idakwera mtengo, phazi silidasiye kugamula milandu ikuluikulu. Pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse mu 1995 ku Johannesburg padalibe try ngakhale imodzi, ndipo Joel Stransky adamenya mapointi onse 15 omwe South Africa idagonjetsera New Zealand 15-12. Mu 2023 ku Paris matimu omwewa adakumananso mu ndime yomaliza. New Zealand ndiyo idachinya try yokhayo ya tsikulo kudzera mwa Beauden Barrett, koma idaphonya mipira iwiri yofunika pagolo, pomwe Handré Pollard adalowetsa mapenate anayi ndipo South Africa idatenga chikho 12-11.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zomwe British Lions idamva ku Dunedin mu 1959, All Blacks idazimva ku Paris patatha zaka 64. Ndipo mphunzitsi aliyense posankha timu amakumanabe ndi funso lomwe osankha a ku New Zealand adakumana nalo mu 1956, asadaitane mnyamata wa ku Morrinsville: kodi masewero akathina, kutatsala mphindi ziwiri, mpirawo tipatsa yani?